Chisoti cha Dzino Losatuluka

LOLEMBA

Sukulu tatsekera, Pasaka wapita, kusala kwatha. Lenti yonse ndadziletsa, ndimati sabata ino ndibwezere. Koma dzino.

Lakumapeto kwenikweni, pansi, kumanja. Munthu wa zaka makumi awiri ndi zitatu, mphunzitsi wathunthu wa Sitandade 2, ndikumera dzino ngati khanda. Ndaliyang'ana pa galasi lometera: kansonga koyera kokha, kwina konse kwabisala m'nkhama. Ndipo silikubwera choimirira ngati anzake ayi. Lagona cham'mbali, likukankha linzake.

Nthawi yake ndiye yoipa. Loweruka ndikukaonekera kwawo kwa Rozina, kuseri kwa phiri, kumalire ndi Dowa. Amalume a Ponsiyano, omwe ndi ankhoswe anga, anakafunsira kale, a kuchikazi n'kuyankha kuti ayambe amuona munthuyo. Woonayo ndi malume wake wa Rozina, mwini mbumba. Akavomera, Lamulungu tikalembetsa maina kwa abambo ku parishi. Akapukusa mutu, basi zathera pomwepo. Ndipo kupukusa amadziwa nkhalamba imeneyo. Chaka chatha anabweza kalaliki wa kumsika wa fodya, wa njinga yatsopano ndi wotchi pamkono. Chifukwa chake palibe akunena.

Rozina ndimamufuna. Ndalemba apa poti kope silinena kwa munthu.

Ndiye ndaganiza: ngati wotchi sinakwane, pafunika china choposa wotchi. Ku Kasakula kuli a Lingisoni, okonza njinga ndi kukhoma ndowa, amene anakhala zaka zambiri ku Halale n'kubwerako ndi dzino la golide. Akaseka pamsika amayi ogulitsa tomato amaiwala mitengo. Akuti ndi chisoti chabe, chovekedwa pamwamba pa dzino lodwala.

Zochita sabata ino:
1. Mawa kwa a Lingisoni.
2. Chisoti pa dzino. Kupweteka kutha, poti mphepo ndi zakudya sizilipezanso.
3. Loweruka kuseka pafupipafupi, pakamwa yasa, kuti kumapetoko kuoneke.
4. Kuloweza mawu okalankhula. Ndalemba masamba atatu: za mbiri yanga, za ulimi wamakono, za Chitaganya cha maiko atatu chimene azungu atibweretsera. Chingelezi ndaikamo apo ndi apo ngati mchere.

Ndadya lero: chimanga chootcha chiwiri, mtedza wokazinga, dzungu. Zonse kutafunira kumanzere. Moyo ukukoma ndithu.

LACHIWIRI

M'mawa. Tsaya lakwera pang'ono. Amayi aona, ndawauza kuti ndikunenepa.

Masana, Kasakula. A Lingisoni ndawapeza pansi pa mtengo wawo, ndowa yobooka pamiyendo. Ndafotokoza zonse bwinobwino, mwina motalikitsa, poti pamene ndikumaliza ndowa ija yatha kale.

Iwo: “Aphunzitsi, ili si la m'sitolo ayi. Mzungu wa mano anayamba walipala langa lenileni mpaka kutsala kachitsa. Kenako kundilumitsa dothi loyera. Kenako bwera sabata yamawa, bweranso sabata inayo.”

Dzino lawolo linathyoka atagwa pa lole. Nzimbe sadyera kutsogolo, amachita kuidula tizidutswa ndi mpeni ngati agogo. Zimenezi pamsika sanena.

Ndafunsa za golide. Aseka, dzino ng'ani. “Akuti Chitaganya, dziko lakhala limodzi. Koma golide ndi madokotala a mano onse anatsalira uko. Kuno anatigawira misonkho.”

Komabe munthu waluso sasowa njira. Ali ndi pampu yakale ya njinga, ya mkuwa. Akuti mkuwa ukakwechedwa ndi phulusa ndi ndimu, apongozi ali patali sangasiyanitse. Ndavomera msanga. Kumapeto kwa kamwa n'kwamdima kale, ndani akayatse nyali kumeneko?

Muyeso wake: andipatsa phula la njuchi kuti ndilume. Ndaluma. Mayo ine! Ndaona nyenyezi dzuwa lili paliwombo. Akale anati safunsa anadya phula. Ine ndafunsa bwinobwino, phula ndadyabe.

A Lingisoni alitembenuza phulalo uku ndi uku, alipenyera kudzuwa. “Dzino lili pati apa? Ndikuona chulu chokha.”

Akuti ayesa kuyerekeza. Chisoti chibwera mawa ndi amalume, poti adutsa kumeneko kukagula mchere.

Madzulo. Pobwerera phiri lonse lili mbuu ndi utsi wa m'zigafa za fodya. Ndayeseza tsamba loyamba la mawu anga ndikupalasa njinga, mbuzi za m'njira zamvetsera mwaulemu. Pa mawu akuti “ulimi wamakono” nsagwada yachita kuti gwa.

Ndadya: mbatata yophika, nthochi zitatu. Chimanga ndangochinunkhiza.

LACHITATU

Tsaya lakula ngati ndabisamo papaya. Pakamwa pakulowa zala ziwiri zokha. Nkhani ya kunenepa amayi aikana.

Iwo akudziwa kale chimene chachitika. Akuti ndili mwana, dzino langa lina litaguluka, sindinaliponye padenga kuti khwangwala alitenge n'kundibweretsera latsopano. Ndinalisunga m'kabokosi ka machesi kuti ndikaonetse anzanga. “Ndiye khwangwala wadikira zaka zonsezi, lero wabweretsa mokwiya, n'kuliponya chogona.” Ndati amayi, ine ndi mphunzitsi. Iwo ati mphunzitsiyo ndi amene watupa.

Chachiwiri, akutero amayi: m'dzino muli tizilombo, tiyenera kutuluka.

Zofunika:
njere za nthula
khasu lakutha, lowotcha pamoto mpaka psuu
mafuta pang'ono
bango
mbale ya madzi
mwana womvera

Athira njere pakhasu, utsi tolotolo, ine bango m'kamwa ndikukoka. Kuwawa kwake! Misozi, mamina, chifuwa, zonse pamodzi. Kenako kulavulira m'mbale. Taonani m'madzimo, tinthu toyera tokhotakhota tikuyandama. Amayi aitana anansi adzaone. Amayi atatu a pamudzi awerama pa mbale, akugwedeza mitu, mmodzi akuti za amuna ake zinali zazikulu kuposa izi.

Ine ndatiyang'anitsitsa tizilomboto. Tikufanana kwambiri ndi timitima ta njere za nthula zomwezo. Ndimati ndinene, koma pakamwa pakana, ndipo nkhope ya amayi ikuwala ngati apha njoka. Ndasiya. Chodabwitsa n'chakuti kupweteka kwazizira pang'ono mpaka masana.

Masana. Amalume a Ponsiyano afika ndi chisoti, chokulunga m'pepala. Chokongola zedi, a Lingisoni ndi mmisiri, chikuwala ngati mendulo ya abambo. Kukula kwake kokha. Ndayesa pa chala chaching'ono, chalowa bwinobwino mpaka pachikhadabo.

Kuyesa m'kamwa, koyamba: sichikudutsa pa mano akutsogolo.
Kachiwiri, cham'mbali: chadutsa, chafika, chasowa pokhala.
Kachitatu: chaterereka kulunjika kukhosi. Amalume andimenya kumsana, chagwera m'phulusa.

Amalume: “Mphwanga, ine ndinakwatira azakhali ako ndili ndi mano anga omwewa, awiri obooka.”

Ndachitsuka, ndachiika pawindo. Chikuoneka bwino pamenepo.

Ndadya: phala. Mapeyala osenda. Phala lina.

LACHINAYI

Mbandakucha, njinga, ulendo wa ku boma ku Ntchisi. Mvula inasiya koma msewu sunamve, m'zigwa mukadali matope ofika m'maondo. Malo atatu njinga yakwera ine. Mwala uliwonse umene tayala laponda, dzino layankha.

Maganizo a m'njira: kuchipatala ali ndi zipangizo. Ang'amba nkhama pang'ono, dzino lionekera, ine nditulutsa chisoti m'thumba, iwo angochikhomerera. Ntchito ya mphindi zochepa. Mwina adzandithokoza kuti ndabwera ndi changa.

Chipatala. Mzere wautali, amayi ndi ana, bambo wina wodzitema ndi nkhwangwa. Aliyense akandiyang'ana akundipatsa malo. Tsaya limeneli lili ndi ulemu wake.

Adokotala ndi Mnyasa mnzathu, wachikulire, wa imvi m'mbali. Andikanula ndi kamtengo, aunika ndi tochi. Akuti mano amenewa ndi anayi, amamera munthu atakula kale, ndipo ena akapeza malo atatha amagona chotere. Si khwangwala, si tizilombo. Ndi nsagwada yanga yochepa. Ine wa nsagwada yochepa! Ana a Sitandade 2 atamva angakomoke ndi phwete.

Ndatulutsa chisoti. Achitenga, achiyang'ana nthawi yaitali. Aitana anzawo awiri a m'chipinda china. Onse atatu akuyesetsa kusaseka, ndipo ndikuwathokoza chifukwa cha kuyesetsako.

Adokotala: “Aphunzitsi, chisoti timaveka dzino lomwe latuluka n'kuthyoka kapena kubooka. Lanuli silinathyoke, silinabooke, silinatuluke n'komwe. Mukufuna kufolera nyumba yosamanga.”

Ndiye mulizule, ndatero ndi manja. Akuti ayi. Lotupa chonchi sazula, komanso logona chotere limafuna dokotala wa mano weniweni, wa mipeni yake, ku Lilongwe. Andilembera kalata yopita nayo kumeneko kutupa kukatha. Ndikapanda kupita, lizichita chomwechi: kutupa, kuphwa, kutupanso, mwezi uno kapena winawo, mmene lafunira lokha.

Ndapatsidwa: mapiritsi oyera, lamulo lochukucha madzi ofunda amchere kanayi patsiku, ndi chenjezo lakuti mkuwa usayandikirenso pakamwa panga. Ndafunsa za Loweruka. Akuti Lamulungu kapena Lolemba ndidzayamba kutafuna. Loweruka ayi.

Chisoti apempha kuti chitsale, akufuna kuonetsa mnzawo wina ali kutchuthi. Ndawapatsa. Pepani a Lingisoni.

Pobwerera ndapuma pamwamba pa chitunda. Kamphepo kabwino, minda yonse chimanga chauma, anthu akusanja mikukwe. Dziko lathu ndi lokongola ngakhale ukuliona ndi diso limodzi ndi theka.

Zochita zatsopano:
1. Golide, tamusiya.
2. Mkuwa, tausiya.
3. Kuseka, tiona.
4. Mawu. Amenewa okha ndiwo atsala, ndipo ndi abwino.

LACHISANU

Pakamwa pakulowa chala chimodzi ndi theka.

Ndaima kuseri kwa nkhokwe kuyeseza mawu. “Ndikuthokoza kwambiri akuluakulu nonse” yatuluka ngati njuchi ili m'botolo. Nkhuku zathawa. Ndafupikitsa masamba atatu kukhala limodzi. Limodzi kukhala theka. Chingelezi chonse ndachotsa, chimafuna mano ambiri.

Ndapita kwa amalume kukapempha kuti tisinthe tsiku. Ndawapeza akusoka fodya. Sanakweze n'komwe mutu.

“Thobwa aphika kale kumeneko. Tambala amumanga mwendo kuyambira dzulo. Ukasintha tsiku adzati mphunzitsi wanyoza mudzi. Upita, ngakhale pa machira.”

Kenako malamulo a mkamwini, akuwerenga ndi singano yosokera fodya:
Chipewa m'manja usanalowe m'mudzi.
Apongozi aakazi ukawaona, patuka, usawayang'ane kumaso.
Pampando usakhale ngakhale akukakamize, khala pamphasa.
Chakudya usamalize, adzati ndiwe wadyera.
Chakudya usachisiye chosakhudza, adzati wawayesa afiti.

Lamulo lachinayilo silindivuta. Lamulo lachisanulo ndiye nkhondo. Tambala wa kumudzi, wothamanga m'mapiri moyo wake wonse, ine ndimutafune ndi chiyani?

Masana kwabwera kakalata ka Rozina, kudzera kwa akazi a akatekisiti amene anali kwawoko dzulo. Mizere itatu yokha. Akuti wasita diresi yake ya buluu. Akuti amalume ake adzuka bwino sabata ino, bondo silikuwavuta, ndiye mwayi ulipo. Pomaliza: “Chonde musadzachedwe, ndipo musadzaope.”

Sakudziwa kanthu za tsaya. Ndawerenga kanayi. Ndikuopa ndithu. Kalaliki wa wotchi, wa masaya ofanana, anabwezedwa. Nanga ine wobwera ndi nkhope yopendekera, wosaseka, wosalankhula, wosadya? Rozina akandipulumuka chifukwa cha dzino limodzi losaoneka n'komwe, ndidzadziseka mpaka kumanda, koma kudzakhala kuseka kowawa.

Ndachukucha mchere kasanu ndi kawiri m'malo mwa kanayi. Amayi akudandaula za mchere wawo.

Malaya oyera ndasita. Nsapato ndapaka. Kuyambira m'khosi kutsika pansi ndine mkamwini wabwino kwambiri.

LOWERUKA

Ndikulemba dzuwa likulowa, tangobwerako kumene.

Tafika dzuwa lisanakwere kwambiri. Mudzi wosesa bwino, ana pa mpanda mbwee. Chipewa m'manja. Pampando ndakana, ndakhala pamphasa, ndasankha pakona kuti tsaya lakumanja liyang'ane khoma. Mutu ndaweramitsa kuti mthunzi ubise zotsalazo. Ndakhala choncho osatembenuka.

Malume wake wa Rozina ndi wamfupi, wouma, maso ngati a mphamba. Akhala pampando patsogolo panga, fodya wa pamphuno m'manja. Mafunso ayamba.

Mwayenda bwanji? “Bwino.”
Ntchito ya sukulu ikuyenda? “Inde.”
Khasu mumalidziwa, kapena choko chokha? Ndangotambasula manja kuwaonetsa zikhatho. Ayang'ana zipsera, ati hmm.

Kenako atsamira kumbuyo, anunkha fodya wawo, n'kufunsa: “Inu ophunzira, za Chitaganyazi mukuti bwanji?”

Ambuye Mulungu. Tsamba lonse lachitatu! Ndinalilemba usana wathunthu, muli mfundo zisanu ndi mwambi kumapeto. Mawu onse afika pakhosi, akukankhana, khomo lotseka. Ndayesa kukanula, nsagwada yandibaya mpaka m'khutu. Chimene chatuluka, pang'onopang'ono, cha m'mano: “Akulu ndi amene adziwa.”

Amalume a Ponsiyano ayang'ana kudenga. Nkhalamba yandiyang'ana nthawi yaitali, kenako yalankhula yokha za Chitaganya mpaka mthunzi wa nkhokwe wasuntha. Mfundo zake zitatu n'zolakwika. Ine ndikungogwedeza mutu pang'onopang'ono, poti kugwedeza msanga kukupweteka.

Chakudya. Malume wake wa Rozina akuti adya nafe limodzi, safuna kumva za m'mbale kwa ena. Tambala uja wafika, wofiira, fungo lake lokha munthu kulira. Nkhalamba yatenga nthutumba n'kuika mbali yanga, monga achitira ndi mlendo wolemekezeka. Nthutumba ya tambala wa m'phiri. Kulimba kwake ngati chidendene cha nsapato.

Kukana sindingathe. Kutafuna sindingathe. Ndaitola ndi manja awiri, ndagwada, ndaibwezera mbali yawo. “Ya akulu.”

Ndadya: kachiwindi, kofewa, kophwanya ndi lilime. Timbamu tating'ono ngati ta mwana, tonyika mu msuzi mpaka kusungunuka. Thobwa chikho chimodzi, momwera pambali. Ntchafu ziwiri ndaziona ndi maso zikupita kwa amalume a Ponsiyano, amene sanandimvere chisoni ngakhale pang'ono.

Tikusamba m'manja, nkhalamba yauza amalume, ngati ine palibe: “Wa chaka chatha uja ndinamufunsa funso lomweli. Anayankha mpaka nkhuku inazizira, kenako anaidya yonse ndi nthutumba yomwe, akulankhulabe. Uyu mwamulera bwino. Mawa akalembetse.”

Kunja amayi a pamudzi alulutira. Ine ndikufuna kuseka, ndikufuna kulira, nkhope ikukana zonse ziwiri. Ndamva mayi wina akunong'oneza mnzake kuti taonani kufatsa, ngakhale pa chimwemwe sasintha.

Potiperekeza, Rozina wabwera ndi mkulu wake mpaka pamtsinje. Diresi ya buluu. Wazungulira mbali yakumanja, waona tsaya. Wandiyang'ana, wayang'ananso tsaya, kenako wakhala pansi pamwala n'kuseka mpaka mkulu wake wamugwira pakamwa kuti kumudzi asamve.

LAMULUNGU

Misa yachiwiri. Ndaimba ndi mphuno.

Titatuluka, ku ofesi ya abambo: ine, Rozina, ankhoswe a mbali zonse ziwiri. Maina alembedwa. Ayamba kulengeza m'tchalitchi Lamulungu likudzali, ukwati tikatha kukolola. Ndasangalala kwambiri, sindibisa. Inki ya abambo ndinafuna kuiuzira kuti iume msanga, wina angasinthe maganizo.

Kutupa kwayamba kuphwa, monga ananenera adokotala. Njala yabwerera yonse ndi abale ake. Mawu nawonso abwerera.

Koma mbiri yandipitirira kale. Pabwalo la tchalitchi anthu a kwawo kwa Rozina akundilozerana: ndi uyo, mkamwini wosalankhula uja, wodya ngati njiwa. Nkhalamba yauza aliyense. Akuti malo omanga nyumba yathu asankha kale, pafupi ndi yawo, kuti madzulo azikhala ndi munthu wodziwa kumvetsera. Apongozi aakazi akuti atumiza uthenga kwa amayi kuti asadandaule, mwana wawo sadzawavuta kudyetsa.

Amayi atamva aseka mpaka kutsamira mtengo. Amalume a Ponsiyano angoti, “Wadziphikira wekha, mphwanga.”

Ndiye ndi mmene zilili. Ndikukakhala chikamwini m'mudzi umene ukundidziwa ngati munthu wa mawu awiri ndi mbamu zitatu. Ine. Amene abambo anandiletsa kupereka zolengeza m'tchalitchi chifukwa anthu ankapsereza ndiwo kunyumba.

Rozina ndamupeza mpata pang'ono kuseri kwa belu, mkulu wake ataima chapatali. Ndamufotokozera zonse, kuyambira phula mpaka mkuwa, ndipo kwa nthawi yoyamba sabata ino ndalankhula momasuka. Wamvetsera mpaka pakati, kenako wakweza dzanja. Akuti za chakudya ndisade nkhawa, azidzandisungira mbale ina kuchipinda. Za kulankhula, ndizidzamalizira kusukulu, ana ndi omwe alibe kothawira.

Ndamuonetsa kalata ya adokotala, ndati Lachiwiri ndikwera basi ya ku Lilongwe akalichotse lisanatupenso. Waiwerenga bwinobwino, waipinda kanayi, waimanga pa nsonga ya mpango wake.

“Amalume ati mubwerenso kawiri ukwati usanachitike. Kalatayi ndikusungirani ine. Dzinolo likhale kaye.”

Ndabwerera kunyumba, ndachukucha mchere. Likhale kaye.